A Malayisha, Mkulu Amene Anabalalitsa Anzanga

A Malayisha anamwalira sabata yatha, ndipo nditamva uthengawo sindinayambe ndi kulira. Ndinayamba ndi kusaka manambala a anthu atatu mufoni mwanga: Limbani, Tobiyasi ndi Zakeyu. Anthu amenewa tinali limodzi pa kakoleji kena ka ntchito zamanja kuchigwa kwa Bwanje, ndipo tonse anayi tinkachita lendi chipinda chimodzi pakhomo pa a Malayisha. Atatuwo anachoka maphunziro ali pakati, aliyense kukamalizira kusukulu ina, ndipo chichokereni sitinakhalepo pansi tonse anayi. Anawachotsa ndi mkulu yemweyu, ndi dzanja lawo. Ndiye mumtima ndinati, poti anatibalalitsa ali moyo, mwina maliro awo atisonkhanitsa. Ndisabise, anzangawo ndinkawasowa kuposa mmene ndinkalirira malemuwo.

Limbani anayankha foni ali pantchito ku Lilongwe, makina osakanizira simenti akulira kumbuyo kwake. Anandimvera mpaka nditamaliza, kenako anati, "Wachita bwino kundiuza, aise, koma ine sindibwera." Tobiyasi ku Zomba anati aona mmene zikhalire, ndipo munthu akati aona, usamusungire ndiwo. Foni ya Zakeyu ku Blantyre inangoitana mpaka kuduka yokha. Ndinanyamukabe, ndikudzinyenga kuti mwina ndikawapeza konko.

Dzina lawo lenileni anali a Ngozo, koma dzinalo linkamveka kutchalitchi ndi pakamwa pa akazi awo basi. Ena tonse tinkati a Malayisha, chifukwa unyamata wawo anauthera kumigodi ya ku Joni akulayisha, ndiko kuti kukweza miyala m'ngolo ndi fosholo pansi pa nthaka. Anali aafupi, khosi analibe, mutu unangokhala pamapewa. Kudzanja lamanzere kunalibe zala ziwiri, ndipo nkhani ya zalazo inkasinthasintha: lero ati unadula ndi mwala, mawa ati anazisiya m'kamwa mwa munthu amene anamenyana naye kukomboni. Kutentha kwa Bwanje aliyense amakudziwa, koma iwo ankapita kumunda atavala majombo ndi chisoti cha kumgodi, chibonga chili m'khwapa. Akaseka, ana ankathawa.

Anali munthu wa ndewu, ndipo sindiwasambitsa poti afa. Wakabaza wina anagunda mbuzi yawo n'kuyesa kuthawa. Anamuthamangitsa mpaka pamlatho, anamugwetsa, n'kuponda gudumu la njinga yake mpaka masipoko anathothoka. Kutchalitchi anakhalapo mkulu wa mpingo, koma udindowo unatha tsiku limene anamenya mkulu mnzawo ndi benchi pokangana za malata a denga. Galu wachiwewe atalowa m'mudzi, anthu akukwera m'mitengo, iwo anamudikira pakati pa njira, anamuphwanya mutu ndi chibonga, n'kubwerera kukamaliza chinangwa chimene ankadya. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatha kuwaletsa: akazi awo a Nanyoni, mayi wowonda, wolankhula motsitsa. Iwo akangoti, "A Ngozo, takhalani pansi," mkulu uja ankakhaladi pansi, akupuma ngati ng'ombe yongomasulidwa kumene pagoli. Chikwatiranireni sanawakwezerepo dzanja, ndipo izi anandiuza ndi a Nanyoni eni ake.

Ife ankatidzutsa ndi chibonga pachitseko, odi sankamudziwa. Ankakonda kunena kuti mwamuna amene dzuwa lamupeza pamphasa ndi maliro ongodikira bokosi. Ankanenanso kuti munthu usanalowe paliponse uzigogoda kaye denga n'kumvera, chifukwa mwala ukamagwa suchenjeza. Tikachedwa kumsika ankatiimika pamzere n'kutinunkhiza m'kamwa mmodzimmodzi. Tinkawaopa, tinkawanyoza kuseri, komanso tinkadya mpunga wawo, chifukwa a Malayisha sankalola kuti mwana wa munthu agone ndi njala pakhomo pawo.

Ndipo wa pakhomo pawo ankamenyedwa ndi iwo okha. Anyamata ena oledzera pamsika atamulanda Tobiyasi nsapato n'kumung'amba mlomo, mkuluyo sanafunse zambiri. Anangovala chisoti n'kunyamuka. Pobwera anali akukoka mmodzi wa anyamatawo khutu, nsapato zili m'khosi mwa mwini mlandu zomangidwa ndi zingwe zake. Anamugwaditsa pabwalo kuti amuveke Tobiyasi nsapatozo ndi manja ake, kenako anamuperekeza ndi mateche mpaka pampanda. Kuyambira tsiku limenelo pamsika tinkayenda ngati ana a mfumu.

Tonse anayi tinali ochokera kumtunda, kumapiri, ndipo moyo wa kuchigwa sitinkaudziwa. Limbani wa ku Champiti ankaphunzira zomangamanga, wamtali, pakamwa posatseka. Ankatha kutsanzira mayendedwe a mkuluyo mpaka ife kufa ndi phwete, ndipo tsiku lina anatsanzira osadziwa kuti eni ake aima kumbuyo. Mbama imene analandira inamveka kwa aneba. Tobiyasi wa zamagetsi anali wofatsa ngati sadziwa kanthu, koma pa bawo ankawabera a Malayisha masanasana. Zakeyu ankaphunzira kuwotcherera zitsulo. Anali wamng'ono pa tonse, wa mawu okoma poimba, ndipo ndi iye amene mkuluyo ankamukonda. Ine wa ukalipentala ntchito yanga inali kuseka nthabwala za anzanga. Malaya tinkabwerekana, sopo anali mmodzi, ndipo wina akafuna kufunsira mtsikana, mawu ake tinkakonza tonse anayi.

Loweruka dzuwa likapendeka a Malayisha ankatiphunzitsa gule wa ngoma pabwalo. Ankatulutsa chishango chawo chachikopa, ife n'kugwira zivundikiro za mapoto. Ankati Mngoni amene sadziwa kuponda mpaka nthaka kuyankha ndi mlendo kwawo komwe. Limbani ankavina ngati akupha nyerere, ine ndi Tobiyasi tinkangotsatira fumbi. Koma Zakeyu akayambitsa nyimbo n'kuponda, maso a mkulu uja ankalengeza misozi, n'kumafuula kuti, "Mfana wanga! Mfana wanga ameneyu!" Anafika pomupatsa chishango chija kuti avine nacho, chimene ngakhale mwana wawo wobereka sankaloledwa kuchikhudza.

N'chifukwa chake tsiku limene anzangawo ankachoka silindichoka m'maso. Bambo ake a Zakeyu anabwera ndi galimoto yahayala, Zakeyu atakhala kutsogolo, nkhope yokulungidwa bandeji. Sanatsike, chikwama chake ndinamutulutsira ndine. Limbani ankayenda chowerama chifukwa malaya ankamatirira kuzilonda za kumsana, ndipo atafika pamene panaima a Malayisha analavula pansi, pafupi ndi majombo awo. Ndinati pano pagwa munthu, koma mkulu uja sanasunthe. Limbani anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Iwe utsala pakhomo pa chilombochi?" Ndinatsala. Kwathu kunalibe wondisamutsa, ndipo maphunziro ndinkawafuna. Makolo a atatuwo anawapezera malo ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Blantyre. Zakeyu anasiya zowotcherera n'kuyamba utelala, chifukwa ndi diso limodzi sakanalimbana ndi moto uja.

Chimene chinachitika ndi ichi. Chaka chimenecho kunagwa ng'amba mu Januwale, anthu atangowokera mpunga. Musikimu ya mpunga wothirira ya kuchigwako madzi sayenda mwachisawawa. Amagawidwa mosinthana, lero akumtunda, kenako apakati, kenako akumunsi, ndipo tsiku la mnzako sukhudza ngalande ngakhale mpunga wako ukufa iwe ukuona. Mwana aliyense wa kuchigwa amakula akudziwa zimenezi. A Malayisha eni ake anathyolapo munthu mkono atamupeza akupatutsira madzi kumunda kwake tsiku losakhala lake. Koma ife akumapiri tinakula mosiyana. Kwathu kamtsinje kalibe mwini: kukatentha mumakatseka ndi miyala ndi dothi, madzi n'kudzaza, inu n'kusambira. Palibe anatikhazikapo pansi kutiuza kuti kuno n'kwina, chifukwa palibe anaganiza kuti munthu wandevu angakhale wosadziwa.

Linali Lamulungu, koma tsiku la madzi silidziwa Sabata. Linali tsiku la akumunsi, amene minda yawo inali itang'ambika kale, mpunga utayamba chikasu. Ine ndinali chigonere pakhonde ndi malungo. Anzanga atatu atabwera kutchalitchi, thukuta lili kamukamu, anati akukasamba.

Anapeza pamene ngalande imalowa mupaipi pansi pa njira, n'kutsekapo ndi thunthu la nthochi ndi matumba akale odzaza dothi. Madzi anakwera mpaka m'chiuno, iwo n'kumasangalala. Sanaone kuti kumbuyo kwawo madziwo ayamba kudya khoma la ngalande. Khomalo litagumuka, madzi onse a akumunsi anathawira kutchire. Alimi aja anali ataima m'minda mwawo ndi makasu kuyambira m'mawa, tchalitchi atajomba. Ataona kuti ngalande yauma anaitsatira chokwera, ndipo anakapeza anyamata atatu a makabudula okhaokha ataima m'matope, akudabwa kumene dziwe lawo lapita.

Ine ndinayamba kumva phokoso, ngati la kumpira. Kenako anzangawo anatulukira pampanda ali liwiro, Tobiyasi magazi ali chuchuchu pamutu pamene panagwa mwala. Kumbuyo kwawo kunali gulu, amuna ndi akazi omwe, zikwanje, makasu, mipini, miyala. Mnyamata wina ankagubuduza tayala, wina n'kumakuwa kuti abweretse petulo. Aliyense wokhala m'dziko muno akudziwa ntchito ya tayala pamalo otere. Ndinayesa kudzuka, koma ndi malungo aja ndinangokwawira kukhoma.

A Malayisha anali pansi pa mtengo wa mango akukhomera khasu mumpini. Anayang'ana anyamatawo, anayang'ana gulu, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chibonga kudzanja lina, kwinako chikoti cha chikopa cha mvuu chimene anabwera nacho ku Joni. Patsogolo pa gululo panali a Chimbalanga, mlimi wa kumunsi, bambo wa ana ambiri amene chaka chonse ankadalira kamunda kamodzi.

"A Malayisha, tipatseni anawo," anatero a Chimbalanga. "Atiphera mpunga. Inu lamulo la madzi mukulidziwa."

"Ndikulidziwa," anayankha mkuluyo. "Koma awa ndi ana a pakhomo panga, ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Wowalanga ndine. Inu imani pomwepo muonerere."

Analemba mzere pansi ndi chibonga. Mnyamata wina wa chikwanje anaudumpha, ndipo chibonga chinamupeza pabondo. Tonse tinamva fupa likuthyoka, iye n'kugwa chafufumimba. Palibenso anadumpha. Pamenepo mkulu uja anagwira Limbani pakhosi, anamugwetsa pansi, n'kuyamba.

Sindinaonepo munthu akumenya chotero, ndipo sindifuna kudzaonanso. Chikoti cha mvuu sichitupitsa chabe, chimang'amba. Pa Limbani chinkatsika ndi mluzu, pobwerera chili ndi magazi. Iye anayamba ndi kutukwana, kenako kupepesa, kenako kuitana amayi ake, kenako anangoti zii. A Malayisha anamusiya n'kukoka mwendo wa Tobiyasi, amene ankakwawira pansi pa nkhokwe. Gulu lija poyamba linkakuwa kuti, "Amve! Amve!" Koma msana wa Tobiyasi utafiira wonse, mawu anayamba kuchepa. Mayi wina anaphimba nkhope ya mwana wake ndi chitenje. Wina anati, "Basi madala, zakwana." Iwo sanamve. Maso anali psuu, thovu kukamwa, akutukwana m'chilankhulo cha kumgodi.

Zakeyu sanathawe. Anagwada yekha n'kupereka msana, ndipo zikoti zoyamba anazilandira osalira. A Chimbalanga eni ake ndi amene anadumpha mzere uja n'kugwira mkono wa mkuluyo, akuti, "Mupha ana a eni, a Malayisha! Mpunga tidzadzala wina!" Anakankhidwa n'kukagwera pamtondo. Nthawi yomweyo Zakeyu anatembenuza nkhope kuti anene kanthu. Anangoti, "Agogo," nsonga ya chikoti n'kumupeza m'diso lamanja. Kukuwa kwake ndimakumvabe mpaka lero.

A Nanyoni anali atatsalira kutchalitchi kumsonkhano wa amayi. Analowa pampanda akuthamanga, mpango uli m'manja, n'kuwauza amuna awo kuti akhale pansi. Mkulu uja anakhala pomwepo, padothi, chikoti chili pamiyendo. Ndipo anthu omwe anabwera kudzapha aja ndi amene anayamba kuthamangathamanga kusaka njinga. Mnyamata wa tayala uja ndi amene anabereka Zakeyu mpaka kumsewu, pa ulendo wa kuchipatala cha ku Sharpevale. Kumeneko anamutumiza kuchipatala chachikulu kuboma, koma diso linali litapita. A Malayisha anatenga khasu, anakatseka pogumuka paja okha, kenako anasamba n'kuyenda wapansi kukadzipereka kupolisi. Anatuluka chifukwa alimi omwewo anapita gulu kukapempha bambo ake a Zakeyu kuti nkhani ithe.

Maphunziro otsalawo ndinamaliza ndekha pakhomo pamenepo. Kukoleji nthabwala ikandibwerera ndinkatembenuka kuti ndiuze Limbani, n'kupeza pakhala mlendo. Poyamba tinkaimbirana, kenako zinatsala za moni wa pa Khirisimasi, kenako zithunzi zawo ndi anzawo atsopano, zimene ndinkangoziona pafoni ngati wina aliyense. Ndinkachita nsanje ndi anthu osawadziwa n'komwe amene ankakhala nawo m'kalasi ku Zomba ndi ku Lilongwe. Mlandu wonse ndinkauika pa a Malayisha, ndipo panapita miyezi ndikuwayankha ndi mutu wokha. Iwo ngoma anasiya. Ukali ndiye unaonjezeka: wakuba nkhuku wina anamuthyola nthiti, mwana wawo weniweni anamuthamangitsa ndi nkhwangwa pa nkhani ya malire a munda. Mayina a anzangawo sankawatchula.

Tsiku lina tikupuntha mpunga ndinalephera kupirira. "Agogo, diso la Zakeyu linalakwa chiyani?" Ndinafunsa phazi limodzi lili kale panjira yothawira. Iwo anaika mtolo pansi n'kundiuza za munthu wina kukomboni ku Joni, wa kwathu konkuno, amene anagwidwa ataba wotchi. Anzake anamuzungulira. Aliyense ankangofuna kumenyako kamodzi, ndipo aliyense anamenyadi kamodzi. Pomaliza anamutola ndi fosholo. A Malayisha anali m'gululo, ndipo nawonso anamenyako kamodzi. Anati mkono wa munthu mmodzi umatopa koma wa gulu sutopa, choncho ukafuna kulanditsa munthu kwa gulu, uyenera kulichititsa nseru lisanayambe. Ndinafunsa kuti nanga anthu atayamba kunena kuti basi, iwo anapitiriziranji. 

"Pamenepo ine ndinali nditachokapo, mfana," anatero. "Amene ankamenya uja sindimudziwa."

Anthu amati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pamaliro ambiri ananena mwambi umenewu. Ine pa nkhani iyi umandinyansa. Pakanapanda mkulu ameneyu anzanga akanapsa ndi tayala ine ndikuona, zimenezo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti gulu linali litakhuta kale pamene Zakeyu ankagwada. Diso lija silinalipire mpunga wa munthu, linangodyedwa ndi ukali wa a Malayisha. Zinthu ziwirizi ndakhala nazo zaka zonsezi, ndipo zimakana kukhalirana.

Komaliza kuwaona ali moyo kunali chaka chatha, nditadutsirako pochokera kokagula matabwa. Fumbi la kumgodi linali litawapeza tsopano. Chifuwa chija chimene chinkadzaza khomo chinali chitaphwa, akatsokomola thupi lonse linkagwedezeka, koma anapezabe mphamvu yogenda nkhuku ya aneba ndi chigumu chimene ndinawagulira. Ndikutsanzika anandigwira malaya ndi dzanja la zala zitatu lija.

"Uja wa nyimbo uja, amaimbabe?"

Ndinati sindikudziwa, ndipo ndinkanena zoona. Ananditukwana kuti ndine bwenzi la mtundu wanji, n'kutembenukira kukhoma.

Pamaliro panadza anthu ambiri, kuphatikizapo amene malemuwo anawathyolapo kanthu. Mnyamata wa bondo uja, tsopano bambo wa ana, anali m'gulu la adzukulu, akutsimphina ndi fosholo paphewa. Madoda a ngoma anabwera ndi zishango zawo n'kuponda mozungulira bokosi mpaka fumbi kutitsokomoletsa. A Chimbalanga, okalamba zedi tsopano, analankhula m'malo mwa alimi, ndipo anati malemuwa anali moto, woti ukauyandikira upsa, ukautalikira uzizidwa. Ine zonsezi ndinkazimva ndi khutu limodzi, maso ali kumsewu. Kabaza aliyense akamatsitsa munthu ndinkaimirira, mpaka mkulu wina amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba. Tinaika, tinakwirira, nkhata zinayalidwa. Sanabwere ndi mmodzi yemwe.

M'mawa mwake ndinakatsanzika kwa a Nanyoni. Anali pamphasa m'nyumba ya siwa, atafunda kumutu. Ndinagwada n'kuyamba kuwapepesera anzanga, kuti ntchito zawachulukira, kuti mitima ikadali yowawa, kuti asawaone ngati ana opanda mwambo.

"Ukupepesera ndani, mwanangu?" anatero. "Anzakowo anabwera kale."

Ndinaganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu.

"Anabwera mwezi watha, agogo ako atayamba kukana phala. Onse atatu, pagalimoto ya wamtali uja. Akuti amayenderana pafupipafupi, ndi ana awo omwe amadziwana."

Anandifotokozera bwinobwino. Limbani anayamba ndi kuvula malaya pamaso pa wodwalayo, n'kuwaonetsa msana, n'kutulutsa zonse zimene anasunga zaka zonsezi, mokweza mpaka aneba anasonkhana pampanda. Tobiyasi naye anavula. Zakeyu anachotsa magalasi akuda amene amavala, anagwira mutu wa mkuluyo ndi manja awiri n'kuuyandikitsa kunkhope kwake kuti aone bwino pamene panali diso. A Malayisha anayang'ana osaphethira, kenako anati, "Menya, mfana wanga. Chibonga chili kuseri kwa chitseko." Zakeyu anakachitengadi, a Nanyoni n'kuyamba kupemphera. Mnyamatayo anachikweza m'mwamba n'kuchitsitsira pamtsuko wa madzi umene unali pambali pa mphasa, mapale kuti mbwee, madzi kunyowetsa wodwalayo. Kenako anakhala pansi n'kulira, ndipo atatha kulira anapempha lezala n'kuwameta ndevu. Anachoka dzuwa litapendeka, atadya.

"Nanga za ine anafunsa, amayi?"

A Nanyoni si munthu wonama. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ayi mwanangu, sanafunse. Nkhani yawo inali ya zipsera, ndiye iwe poti ulibe..." 

Zaka zonsezi ndinkati a Malayisha anabalalitsa anthu anayi. Kani anatayapo mmodzi yekha, atatuwo anawamanga mtolo umodzi. Zinandiwawa kuposa imfa imene ndinadzera, ndipo ndinalakalaka malungo aja akanandisiya tsiku limenelo, ndikanakasamba nawo, ndikanagwada nawo pabwalo paja.

Ndisanakwere kabaza ndinazungulira kuseri, kuchipinda chathu chija. Ana asukulu anasiya kalekale kuchita lendi pakhomopo. Chitseko anachizula n'kukachiika kukhola la mbuzi, ndipo malata ena a denga anapita ndi mphepo, moti dzuwa likungolowa mmene lafunira. Pakona pali matumba a mankhusu a mpunga amene makoswe aboola, pawindo mavu amanga. Simenti ya pansi inasweka, m'ming'alu mwamera udzu. Kukhonde la nyumba yaikulu kuli zii, nkhuku za aneba zikuyenda mwaufulu mpaka pakhomo penipeni, popanda wozigenda. Ndinalowa m'chipindamo n'kuima pakati. N'kachipinda kakang'ono, moti sindikumvetsa kuti amuna anayi tinkakwanamo bwanji. Kale ukatembenuka kutulo unkagunda nthiti za mnzako, iye n'kukutukwana. Ndinatambasula manja mbali zonse ziwiri, ndipo sindinakhudze munthu.